Mutu 7: Bokosi Lokha Magazi

1. Mvumbi pa Kamwendo

Mvumbi udali utagwa masiku atatu osakata. Pa Kamwendo zovala sizinkauma pa chingwe, machesi ankakana kuyaka, ndipo a kabaza ankangokhala m'makhonde a magolosale n'kumatukwana mitambo. Nyengo yotere mmisiri wa matabwa wanzeru amacheka, amapala, amakhoma misomali, koma chitini cha vanishi satsegula.

Tamanda ankazidziwa zimenezi. Tisamunamizire umbuli mwanayu, pakuti adakulira mu utuchi. Adali ndi zaka 17, ndipo kwa masabata atatu ndiye ankayendetsa shedi ya bambo ake, a Vitus, amene chifuwa chidawagoneka kunyumba. Shediyo idali kuseri kwa msika. Ankapangamo mipando, zitseko ndi mabokosi a maliro.

Amisiri a kutsidya kwa msewu ankamuseka poyera. A Felix, amene shedi yawo idayang'anizana ndi ya a Vitus, ankati akamuona akupala thabwa n'kukuwa kuti, "Mtsikana ndi randa? Tiona ngati shediyo ifike Pasaka!" Munthu mmodzi yekha ndiye ankamulimbitsa mtima. Ameneyo adali mayi Esitele, amene ankagulitsa tomato pafupi ndi khomo la shediyo tsiku la msika. Iwo ankati, "Asiye alankhule, mwana wanga. Manja alibe chamuna kapena chachikazi."

Lachinayi m'mawa padafika bambo wina atavala jekete yonyowa.

"Odi kuno! A Vitus alipo?"

"Akudwala, bambo. Ndilipo ndine."

Bamboyo adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndine Charles, wa ku Mlonyeni. Achimwene anga a Eneya atisiya dzulo kuchipatala. Tikuika lero lomwe, 2 koloko."

Tamanda adagwira pakamwa. A Eneya adali amuna awo a mayi Esitele. N'chifukwa chake malo a tomato aja adakhala opanda munthu masabata awiri.

Adapepesa maliro, kenako adawaonetsa mabokosi awiri otha kale. Adali a paini, otuwa, opakidwa vanishi wouma bwino. A Charles adapukusa mutu.

"Awa akuoneka ngati kabati ya mbale. Achimwene adali mlimi wa fodya wodziwika, ndipo kubwera anthu ochokera ku boma. Ndikufuna lofiira ngati mlombwa, lowala loti munthu n'kudzionerapo nkhope." Adaloza bokosi lachitatu, losalazidwa kale koma losapakidwa kanthu. "Ili litha pofika 12 koloko? Ngati simungathe nenani msanga, ndiwoloke msewu."

Kutsidya kwa msewu a Felix adali ataima pakhomo, manja ali m'matumba, akuonerera.

"Litha, bambo," adatero Tamanda.

2. Kansalu koyera

Pa nkhani ya siteni ndi vanishi, a Vitus adali ndi mawu awo amene ankawabwereza mpaka Tamanda ankatha kuwalakatula ngati vesi la ku Sande sukulu.

Ankati: "Tamvera, mwana wanga. Siteni ndi yolowa m'kati mwa thabwa kuti lisinthe mtundu. Vanishi ndi wokhala pamwamba kuti aliteteze. Ziwirizi sizikwera njinga imodzi. Ukapaka siteni, upukute yotsala ndi kansanza, kenako ulisiye thabwalo ligone. Ikakhala nyengo ya mvula, ligone kawiri. Ukatero utenge kansalu koyera upukute pamwamba. Kakatuluka koyera, paka vanishi wopyapyala, udikire aume, usalaze ndi sandipepa, upakenso. Koma kakatuluka ndi mtundu, tseka chitini upite ukachite zina. Vanishi ndi chitseko, mwana wanga. Chimene wachipeza m'kati amachitsekera momwemo. Ukatsekera siteni yaiwisi, pamwamba pauma kakhungu konyenga maso, koma pansi pamakhala phala. Tsiku lina munthu adzatsamirapo, ndipo zonse zidzatuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tsiku limenelo nkhono idalibe woidikira. Tamanda adapaka siteni yofiira, ndipo ataona kuti paini akuonekerabe, adapakanso kachiwiri mochindikala. Sadapukute yotsala, poopa kuti mtundu ungachepe. Adakokera bokosilo pakhomo kuti liombedwe ndi mphepo, koma mphepo yake idali ya madzi okhaokha.

Itakwana 10 koloko adang'amba kansalu koyera n'kupukuta pa chivundikiro. Kadatuluka kofiira.

Adakayang'ana kanthawi. Kenako adakakwirira mu mulu wa utuchi, ngati kuti kansaluko ndiko kadalakwa, n'kutsegula chitini cha vanishi. Adathira wambiri, makamaka pa chivundikiro, pamene maso a anthu amafikira. Burashi ikadontha ankaipukutira pa kathabwa kotsala kamene adali atayeserapo siteni ija.

Tinene zoona, bokosilo lidawala. Ngakhale a Felix adawoloka msewu, n'kulizungulira kawiri, n'kubwerera osaseka. Mtima wa Tamanda udadzaza chifuwa chonse. Adaiwala kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

A Charles adabwera ndi galimoto ya pikapu nthawi yomwe adapangana. Adamwetulira koyamba. Amuna anayi adanyamula bokosilo pa zogwirira zake, ndipo Tamanda adathandiza kulikankhira m'kati. Adaika chikhatho pa chivundikiro n'kukankha. Pansi pa dzanja lake padatsetsereka. Atalichotsa, lidali lofiira ndi lomata, ndipo pa chivundikiro padatsala chidindo cha zala zisanu.

A Charles adali kutsogolo, akulankhula ndi dalaivala. Mabokosi awiri ouma aja adali pomwepo, ndipo kusintha kukadatenga mphindi zochepa. Tamanda adatenga nkhata ya maluwa a pulasitiki imene a Charles adabwera nayo n'kuiika pa chidindo chija. Manja adawakulunga m'chitenje. Kenako adatseka shedi n'kukwera nawo, pakuti sakadatha kujomba maliro a kunyumba kwa mayi Esitele.

Ali m'njira, mitambo idang'ambika. Kudatuluka dzuwa loswa mtengo.

3. Ku Mlonyeni

Mayi Esitele sadali a m'mudzimo. Kwawo kudali kutsidya kwa malire, ku Zambia, ndipo a Eneya adawatenga chitengwa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Adabereka ana awiri, Yankho ndi Takondwa. Mayiwo adalima nawo fodya, adatunga madzi pa maliro a aliyense, adalowa gulu la amayi a mpingo. Koma mkazi wa chitengwa amakhala mlendo mpaka imvi. A Eneya atayamba kutupa miyendo, achibale adayamba kunong'onezana za mankhwala a kutsidya. Amene ankatsogolera manong'onong'owo adali a Tabeth, azakhali awo a malemuwo.

Adzukulu adalowetsa bokosi m'nyumba ya siwa n'kuikamo thupi. Manja awo adali ofiira kale ndi katondo wa kumanda, choncho sadaone chachilendo. Atatha adalitulutsa n'kulikhazika pa mabenchi awiri pabwalo, padzuwa. Anthu adadutsa pamzere kuona nkhope, manja ali kumbuyo, ndipo ambiri ankanong'ona kuti bokosi lokongola chotere sadalionepo m'mudzimo.

Mwambo udatalika. Adalankhula a kuchimuna, adalankhula a kalabu ya alimi, mlaliki naye sadafune kuchepa. Dzuwa lidakhala likuwotcha chivundikirocho maola awiri, ndipo kakhungu ka vanishi kaja kadafewa. Tamanda adakhala pakati pa atsikana anzake, maso ali pa nkhata ya maluwa. Nyimbo sankaimba nawo.

Adzukulu ataimirira kuti anyamule maliro, mayi Esitele adapulumuka m'manja mwa amayi amene adawagwira. Adali atavala bulauzi yoyera ya mpingo. Adathamanga n'kudzigwetsa pa bokosilo, n'kulikumbatira ndi manja onse.

"A Eneya ine! Mwandisiyira yani anawa? A Eneya, dzukani mundiyankhe!"

Adagudubuza nkhope pa chivundikiro, akulira mosweka mtima. Amayi atatu adabwera kudzawachotsa, koma bulauzi idakanirira, ndipo idamatuka ndi phokoso longa la nsalu yong'ambika. Ataimitsidwa n'kutembenukira kwa anthu, nyimbo idafera pakamwa.

Chifuwa chonse chidali chofiira. Zikhatho zidali zofiira. Tsaya limodzi lidali lofiira, ndipo misozi inkatsetsereka nawo mtunduwo mpaka m'khosi.

"Magazi!" adakuwa a Tabeth. "Bokosi lakha magazi!"

Anthu adabwerera m'mbuyo, ena mpaka kugwetsa mipando.

"Tonse tadutsa pamenepa," adapitiriza a Tabeth. "Adzukulu alinyamula. Bwanji lakha pa iye yekha? Ndinkanena ine! Ndinkanena, inu n'kumati Tabeth ndi wa mkamwa!"

A Charles adayang'ana mlamu wawo nthawi yaitali. Kenako adati, "Achimwene aloza okha."

Fungo la vanishi lidali ponseponse pabwalopo, ndipo aliyense wofuna akadalimva. Koma mantha alibe mphuno. Mkulu wa mpingo adayesa kukweza manja kuti, "Abale, tiyeni tiike kaye maliro," ndipo mawu ake adamira m'phokoso.

Mayi Esitele ankangoyang'ana zikhatho zawo, osamvetsa. Adakweza mutu kufunafuna nkhope imodzi yowadziwa, ndipo maso awo adakumana ndi a Tamanda. Mtsikanayo adali pafupi, mwina masitepe khumi. Zikadangofunika kuti atulutse manja m'chitenje n'kunena mawu anayi. Koma adaona ukali wa a Charles, adaganiza za kuseka kwa a Felix, ndipo adagwetsa nkhope pansi.

Mayi Esitele adaletsedwa kupita kumanda. Adawatsekera m'khitchini, ana awo n'kuwatengera kunyumba kwa a Tabeth. Anthu akulondola maliro, Tamanda adazemba kudzera m'munda wa chimanga mpaka kumsewu, n'kukwera kabaza. Adachita mantha, ndipo adachita manyazi, koma sadabwerere.

4. Mawu a munthu wodwala

Kunyumba adasamba ndi sopo, adatsuka ndi mchenga mpaka khungu kuwawa. Mtundu udachepa pamwamba koma udakhalabe m'mizere ya zikhatho ndi m'zikhadabo. M'mawa mwake adapititsa phala kwa bambo ake, ndipo polandira mbale a Vitus adamugwira pamkono.

"Tatambasula."

Tamanda adatambasula.

Nkhani ya bokosi lokha magazi idali itafika kale pa Kamwendo, pakuti nkhani zotere zimayenda pa foni kuposa minibasi. A Vitus adali ataimva kwa oyandikana nawo. Adaika mbale pansi, adatsokomola nthawi yaitali, kenako adafunsa funso limodzi.

"Kansalu koyera unapukuta?"

"Ndinapukuta, ababa."

"Kanatuluka bwanji?"

"Kofiira. Ndinakakwirira mu utuchi."

Sadakalipe. Mwina kukalipa kukadakhala kopepuka. Adalankhula motsitsa, akupuma pakati pa mawu.

"Mwana wanga, kupaka vanishi pa siteni yaiwisi ndi kulakwa kwa mmisiri. Ndidachitapo zimenezi inenso ndili mnyamata, pa tebulo la aphunzitsi ena, ndipo ndidalipala lonse n'kuyambiranso. Kulakwa kumeneko kumatha ndi sandipepa. Koma iwe walakwa kawiri. Unaona mayi uja ataima pakati pa anthu ngati mbuzi ya pamsika, iwe ukudziwa chimene chili pa chifuwa chake, ndipo unatseka pakamwa. Pamenepo wapaka vanishi wachiwiri, pamwamba pa bodza laliwisi. Ukuganiza kuti lidzauma? Silidzauma. Udzakwatiwa nalo, udzabereka nalo, ndipo tsiku lililonse ukadzaona tomato pamsika lidzakumatirira m'manja."

Tamanda adayamba kulira. A Vitus sadamutonthoze.

"Ndamva kuti lero, posesa, akumubweza kwawo kutsidya. Ana atsala, ati ndi a m'mudzimo, sangapite ndi mfiti. Ukumva? Yankho ndi Takondwa aika bambo awo dzulo, lero ataya mayi awo, chifukwa cha chitini chathu. Usaganize kuti anthu aja ndi zitsiru. Ndi anthu olira, ndipo munthu wolira amafuna wina womuloza chala. Chidani adali nacho kale, iwe wangowapatsa mtundu wake."

"Ababa, ndikakanena, shedi yathu itha. Palibe adzagulenso kwa ife."

"Ithe. Shedi ndi malata ndi mitengo. Ndadya za manja anga zaka makumi atatu, ndipo sindidadyepo misozi ya mwana wa munthu. Sindiyamba lero ndili pamphasa."

"Nanga akakandimenya?"

"Mwina akakumenya. Sindikunamiza, nanenso ndikuopa. Ndikadakhala ndi mpweya ndikadapita ndekha, koma sindingafike ngakhale pamsewu apo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Usapite ndi mawu okha, chifukwa mawu a mtsikana pabwalo la maliro ndi opepuka. Katenge kansalu kaja kumene unakabisa. Katenge zitini zonse ziwiri. Ngati pali thabwa limene unapukutirapo burashi, litengenso. Ukafika ukapemphe a Charles kuti alikande okha ndi chala chawo. Munthu amakana za m'makutu, koma za pa chala chake zimamuvuta kukana. Nyamuka tsopano, dzuwa lisanakwere."

5. Tsiku losesa

Tamanda adafika kushedi msika usanadzaze. Adafukula kansalu mu utuchi. Kathabwa kaja adakapeza pansi pa benchi, kakuwala bwinobwino, ndipo atakadina ndi chikhadabo kadatulutsa zofiira. Adaika zonse m'thumba la feteleza, pamodzi ndi zitini ziwiri zija. A Felix adamuitana kuchokera kutsidya, akuseka, kuti amve za bokosi lodabwitsa lija, koma iye sadacheuke. Adakwera kabaza n'kupempha mwini wake kuti akafika akamudikire.

Atafika ku Mlonyeni adapeza kuti wachedwa kale ndi zambiri. Denga la khitchini ya mayi Esitele lidali litagwetsedwa. Miphika idali mbwee pabwalo, yosweka. Mayiwo adakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, kamtolo ka zovala kali pambali, diso limodzi litatupa. Adali atavalabe bulauzi yomwe ija, chifukwa adawaletsa kuivula kuti aliyense aone. Pa zenera la nyumba ya a Tabeth padali timitu tiwiri, ndipo wamng'onoyo, Takondwa, mawu adali atamuthera ndi kulira.

Achibale adakhala mozungulira pansi pa mtengo wa mango. A Charles adali ataimirira, akunena kuti anyamata awiri aperekeze mlamu wawoyo mpaka pa malire, ndipo asadzapondenso m'mudzimo.

Tamanda adalowa pakati pa bwalo n'kugwada.

"Zikomo, akuluakulu. Ndine mwana wa a Vitus, amene ndinapanga bokosi lija."

"Tikukudziwa," adatero a Charles. "Ntchito yako inatha dzulo. Ukufuna chiyani?"

"Aja sanali magazi, bambo. Inali siteni. Ndinapaka vanishi isanaume, ndipo dzuwa linasungunula. Ndinadziwa tisananyamuke pa Kamwendo, koma ndinabisa ndi nkhata ya maluwa. Mayiwa sanalakwe kanthu. Wolakwa ndine."

Mayi Esitele adakweza mutu pang'onopang'ono n'kumuyang'ana ndi diso limodzi lotseguka lija. Mawu awo adatuluka opanda ukali, ndipo n'chifukwa chake adalasa kwambiri.

"Tamanda, mwana wanga, dzulo unandiyang'ana m'maso."

Pofuna kuti anthu amukhulupirire, Tamanda adamasula chitenje n'kukweza manja onse awiri m'mwamba, zikhatho zili kwa anthu. "Taonani, mtundu wake ndi womwewu. Ndabweretsanso thabwa loti mukande nokha."

Koma adalakwitsa ndondomeko. Bambo ake adati ayambe ndi thabwa, iye adayamba ndi manja.

A Tabeth adadzambatuka. "Taonani manja akewo! Nayenso ali nawo! Si uyu amakhala naye limodzi pamsika paja? Wina kupha, wina kukhoma bokosi! Adali awiri!"

Amuna adayamba kuimirira mmodzimmodzi. A Charles adaima pomwepo. Maso awo ankachoka pa manja a Tamanda kupita pa thumba, n'kubwereranso pa manja. Amuna aja adayamba kumuzinga, bwalo n'kumachepa.

Tamanda adacheuka kuyang'ana kumsewu. Wa kabaza uja adali atathawa, atafika kale pa mlatho wa kumsewuko, akupalasa osayang'ana m'mbuyo. Adagwira chingwe cha thumba kuti amasule, koma mfundo imene adamanga yekha m'mawa uja idakana. Thabwa lidali likadali m'kati pamene dzanja loyamba lidamugwira paphewa.